Digiri ya zaka ziwiri imene inandidyera zaka zitatu ndi ng'ombe zinayi

Ndimaphunzitsa Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Ngabu, ndipo Loweruka lililonse ndimakathandiza pawailesi ya m'dera lathu mongodzipereka. Mu Febuluwale 2022 ndinayamba maphunziro a digiri yachiwiri, ija timangoti masitazi, ya kafotokozedwe ka sayansi kwa anthu wamba. Pepala limati ndi maphunziro a zaka ziwiri. Ine ananditengera zaka zitatu. Aphunzitsi anzanga komanso anyamata a pawailesi akhala akundifunsa kuti nawo alowere pati, ndiye ndati ndilembe zonse momwe zinayendera, ndi pamene ndinapusa pomwe.

Maganizo anabwera mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe wa Idai. Ndinali pawailesi ndikuwerenga chenjezo lochokera kunthambi yoona zanyengo, lonena za mamilimita a mvula amene agwe pa maola 24. Bambo wina anaimba foni nati, "Aphunzitsi, kuno dzuwa likuswa mtengo, inu mukuti tisamuke. Mamilimita anuwo ali kuti?" Patangopita masiku ochepa mudzi wawo unali m'madzi. Ndinapsa mtima, ndipo ndinadziuza kuti vuto la kwathu kuno ndi umbuli, anthu sadziwa kuti madzi amene amatimiza ife amagwera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre. Ndinaganiza kuti ndikaphunzira luso lofotokoza bwino, anthu azimva. Ndi mtima umenewo ndinayamba kufunafuna sukulu.

Ndalama yoyamba ndinaitaya ndisanalembe n'komwe kalata yofunsira malo. Pa Facebook panali munthu amene ankati amapezera anthu malo ndi sikolashipu ku UK. Zithunzi zake zinali za anthu ali pabwalo la ndege, akumwetulira, zikwama m'manja. Ndinamutumizira K180,000 pafoni, kawiri, yoyamba ya mafomu, yachiwiri ati ya kuthamangitsira. Nditatumiza yachiwiriyo nambala yake inasiya kupezeka. Sindinauze mayi a kunyumba mpaka patatha miyezi inayi. Dziwani ichi: sikolashipu zenizeni salipiritsa pofunsira, ndipo safuna mkhalapakati. Chevening ya boma la Britain, Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Canon Collins, zonsezi munthu umadzilembera wekha pa intaneti.

Chevening ndinayesa mu 2020. Nkhani zimene amafuna kuti ulembe, za utsogoleri wako ndi zimene udzachite ukabwerako, ndinazilemba usiku umodzi kutatsala tsiku limodzi kuti atseke. Sanandiitane ngakhale kumafunso, ndipo sindiwadandaula. Ndinalembanso mayeso a Chingerezi a IELTS mothamanga ndisanadziwe kumene ndikupita, kenaka yunivesite imene inadzanditenga inangofuna kalata yotsimikiza kuti digiri yanga yoyamba ndinaphunzira m'Chingerezi. Zotsatira za IELTS zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho zanga zinangothera m'sutukesi. Yambani mwafunsa sukuluyo chimene ikufuna, musanalipire mayeso alionse.

Maloto anga anali Imperial College ku London, kumene maphunziro amenewa anayamba mu 1991, kapena ku Bristol. Koma popanda sikolashipu fizi yakumeneko mphunzitsi wa boma sangaikwanitse ngakhale atagulitsa khola lonse. Ndinatembenukira ku South Africa, ndipo yunivesite ina inanditenga pa dongosolo loti uziphunzira uli kwanu pa intaneti, n'kumapita kumeneko sabata imodzi kapena ziwiri pachaka. Chimene chinandithandiza n'chakuti pansi pa mgwirizano wa SADC, wophunzira wochokera ku Malawi amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kungoonjezerapo ndalama ina ya alendo. Koma asanakutenge amafuna kuti bungwe la kumeneko loona za masatifiketi, la SAQA, liunike digiri yako ya kuno. Ine ndinazidziwa mochedwa. Pakati pa kutenga thiransikiripiti kukoleji yanga yakale, kudinditsa mapepala ndi kudikira yankho, panapita miyezi itatu, ndipo ndinatsala pang'ono kuphonya chaka.

Za fizi tinakhala pansi pabanja. Bambo anga anatisiyira ng'ombe zisanu ndi ziwiri, ndipo wozisamala ndi atsibweni. Ndinawafotokozera kuti ndikufuna kukaphunzira kufotokozera anthu sayansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Nanga panopa kusukulu kuja umatani?" Komabe analola. Tinagulitsa ng'ombe ziwiri pamsika wa Ngabu mu Disembala 2021. Ndinatenga fizi ya zaka ziwiri, n'kuisintha m'makwacha pa mtengo wa tsiku limenelo, ndipo ndinaona kuti ng'ombe ziwirizo pamodzi ndi kangongole ka ku SACCO zikwanira. Ndinalipira gawo loyamba lokha, zotsalazo ndinazisunga kubanki m'makwacha. Apa m'pamene ndinadzicheka ndekha.

Kutatsala sabata ziwiri kuti makalasi ayambe, pa 24 Januwale 2022, namondwe wa Ana anafika. Madzi anagumula damu la Kapichira, kumtunda kwathu konkuno, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi anayamba kuzima maola ambirimbiri patsiku mpaka chaka chinatha. Makalasi athu ankakhala madzulo, kawiri pasabata. Kunyumba kwanga netiweki imagwira pakona imodzi yokha ya khonde, ndiye magetsi akazima ndinkakwera njinga kupita pamsika, kwa mnyamata wina wometa amene ali ndi sola. Ndinkakhala pabenchi lakumbuyo, laputopu pamiyendo, anthu akumetedwa, nkhani za mpira zili mkati. Mphunzitsi akandifunsa funso ndinkakweza dzanja, mnyamatayo n'kuzimitsa makina, wometedwayo n'kudikira mutu uli theka mpaka ndimalize kuyankha. Mu Okutobala kutentha kukapitirira madigiri 40, laputopu inkangodzizimitsa yokha. Ndinaphunzira kuikhazika panjerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa kunsi. Ndikanadziwa, kuchokera pa ng'ombe yoyamba ija ndikanayamba ndagula sola ndi batire yanga. Ndinadzagula mu Julayi, mitengo itakwera kale. Bandulo nayonso musaiiwale powerengera: kalasi imodzi ya kanema inkandidyera yochuluka kuposa imene ndinkagwiritsa ntchito sabata yathunthu ndisanayambe sukulu.

Ntchito yoyamba imene tinapatsidwa inali yolemba za vuto limodzi la kwathu. Ndinalemba za machenjezo a madzi osefukira, ndi mtima wonse, kuti anthu a m'Chigwa cha Shire samvetsa sayansi ya zanyengo n'chifukwa chake sasamuka. Ndinkayembekeza kuyamikiridwa. Ndinapeza 48. Mphunzitsiyo analemba m'mphepete mwa tsamba kuti, "Wadziwa bwanji kuti samvetsa? Unawafunsa?" Ndinakwiya masiku awiri. Mzimayi amene sanapondepo ku Nsanje angandiuze chiyani za anthu akwathu?

Sabata yotsatira tinaphunzira kuti maganizo angawo ali ndi dzina, amati deficit model. Ndiko kuganiza kuti mutu wa munthu wamba uli ngati ndowa yopanda kanthu, ndipo ntchito ya wasayansi ndi kungothiramo nzeru, akadzaza achita zoyenera. Ku Britain anayenda nawo maganizo amenewa kuyambira pa lipoti la Royal Society la 1985, ndipo pofika 2000 nyumba yawo ya malamulo ya House of Lords inanena kuti chofunika ndi kukambirana ndi anthu, osati kungowalalikira. Chimene chinandigwira mtima ndi kafukufuku wa Brian Wynne pa alimi a nkhosa a ku Cumbria, kumpoto kwa England. Fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Chernobyl, ku Ukraine, itaphulika mu 1986, mvula inagwetsa poizoni wa caesium pamapiri awo. Akatswiri a boma anati chiletso chogulitsa nkhosa chitha pa sabata zitatu, koma m'malo ena chinakhala zaka zambiri, chifukwa anawerengera ngati dothi lake ndi la makande pamene la m'mapirimo ndi lina. Alimi ankadziwa nthaka yawo ndi kadyedwe ka nkhosa zawo, koma palibe anawafunsa. Ndinawerenga nkhaniyo pabenchi la wometa uja, ndipo ndinakumbukira bambo wa mamilimita. Ndinali ndisanaganizepo kuti mwina funso lake linali lanzeru.

Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Ndalama zimene ndinasunga zija zinachepa mphamvu usiku umodzi. Choipa kwambiri chinali kusowa kwa ndalama zakunja. Ndinakwera mapiri a ku Thabwa kupita ku Blantyre katatu konse kukapempha kubanki kuti anditumizire fizi, ulendo uliwonse akundiuza kuti ndili pamzere. Panapita sabata zisanu ndi imodzi. Nthawi yonseyo sindinkatha kuona zotsatira za mayeso chifukwa ndinali ndi ngongole kusukulu. Ng'ombe yachitatu inapita pamenepo. Ngati sukulu yanu imalola kulipiriratu, ndipo ndalama muli nayo m'manja, lipirani lero. Ngati simungathe, lemberani ofesi ya zachuma yakusukuluko msanga, muwatumizire umboni woti munapempha kubanki. Ine ndinkachita manyazi kulemba, kenaka nditalemba anandipatsa nthawi popanda vuto lililonse.

Ulendo wa ku South Africa ndinayenda pabasi, kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, masiku awiri pampando. Sabata imeneyo ndinaphunzira kujambula mawu bwino, kudula nkhani ya masamba khumi kuti ikwane mphindi zitatu, komanso ndinaonana maso ndi maso ndi mayi uja anandipatsa 48, amene anadzakhala wondiyang'anira pa kafukufuku. Ndalama ya ulendowu sinali m'mawerengero anga oyamba aja.

Chaka chachiwiri ndi cha kafukufuku. Mutu wanga unali wakuti anthu a kutsidya kwa Shire, chakum'mawa, amalandira bwanji machenjezo a madzi osefukira. Komiti ya kuyunivesite yopereka zilolezo za kafukufuku inavomereza mu Okutobala 2022, ine n'kumati basi zatheka. Mnzanga wina wogwira ntchito zaumoyo ndi amene anandifunsa kuti, "Nanga chilolezo cha kuno uli nacho?" Sindinkadziwa kuti kafukufuku wokhudza anthu wochitikira m'Malawi amafunanso chilolezo cha kuno, ndipo wa mtundu wangawu amadzera kukomiti ya National Commission for Science and Technology. Ndinatumiza mapepala mu Disembala, anandibwezera kuti ndikonze mafomu opempha chilolezo kwa anthu ndi kuwamasulira, ndipo chilolezo chinatuluka kumapeto kwa Febuluwale 2023. Pamwamba pa icho pamafunika kalata ya kwa bwanamkubwa, kenaka ukaonekere kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu, mpaka kwa nyakwawa. Ndikanatumiza zonsezi pamodzi mu Okutobala, ndikanagwira ntchito mu Novembala mvula isanayambe. Munthu wobadwira kuchigwa ngati ine ndinakonza zokafunsa anthu mu Malichi, mwezi umene ngakhale mwana amadziwa kuti misewu ya kutsidya siidutsika.

Namondwe wa Freddy anafika pa 12 Malichi. Sindilemba zambiri za masiku amenewo, aliyense wa kuno ali ndi yake nkhani. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anathawa m'nyumba zawo. Sukulu yathu inasanduka msasa. Midzi itatu mwa inayi imene ndinasankha inali pansi pa madzi.

Chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero ndi ichi. Patatha sabata ziwiri ndinaganiza kuti mwayi ndi womwewu, anthu onse ali malo amodzi ndipo nkhani ikadali yaiwisi m'mitu mwawo. Ndinatenga kope ndi foni kupita kumsasa wina. Ndisanamalize kufotokoza, anthu anali atandandalika kale pamzere. Mayi wina wachikulire, chitenje chimodzi chokhacho, anandigwira dzanja nati, "Mwanawe, langa walemba? Dzulo anandidumpha." Ankayesa ndikulemba maina a ufa. Ndinamuuza kuti ayi, ine ndi wa sukulu, ndikungofuna kudziwa ngati anamva chenjezo. Anandisiya dzanja osayankha kanthu. Ndinatseka kope, ndipo usiku womwewo ndinalembera wondiyang'anira uja. Anandiyankha kuti munthu wanjala amene akuganiza kuti uli ndi chakudya sangakukanire, ndiye kuvomera kwakeko si kuvomera. Tinagwirizana zoimitsa mpaka Ogasiti. Kuimitsako kunatanthauza kuti sindimaliza mu 2023, ndipo ndidzalipira chaka chachitatu.

Mu Ogasiti ndinawoloka pabwato pa Mtayamoyo, njinga ili m'bwato momwemo, kulowera ku Makhanga. Tsiku loyamba lomwe ndinazindikira kuti Chisena changa ndi cha pamsika, chogulira nsomba. Ine ndine Mmang'anja. Achinyamata ankandiyankha m'Chichewa, koma akuluakulu, makamaka amayi, nkhani ikafika pamtima ankalowa m'Chisena chakuya, ine n'kumangogwedeza mutu. Ndinalemba ntchito mtsikana wina wa komweko amene anamaliza Fomu 4 kuti azindimasulira, ndalama inanso imene sindinaiwerengere. Iyeyo ndi amene anapulumutsa kafukufuku wanga, chifukwa amayi ankamuuza zinthu zimene mwamuna wachilendo sangauzidwe.

Mafomu osainira aja anandivutanso. Kuderali nkhani yosamutsira anthu kumtunda yakhalapo zaka zambiri, makamaka chichitikireni madzi a mu Januwale 2015. Ndiye munthu akabwera ndi pepala n'kunena kuti dindani chala apa, anthu amaganiza kuti akusainira kuchoka pamalo pawo. Atatu oyamba anakana. Zinatengera nyakwawa kuima pabwalo kunena kuti, "Awa ndi aphunzitsi a ku Ngabu, si a boma, pepalali likunena kuti mukhoza kukana." Mukamalemba mapepala opita kukomiti, pemphaniretu kuti muzilolezedwa kujambula kuvomera kwa pakamwa. Konzekeraninso funso la alawansi. Mabungwe anazoloweza anthu kulandira kenakake pamsonkhano, ndipo sindiwaimba mlandu, munthu wasiya dimba lake kudzakhala nawe maola awiri. Ine ndinkanena poyambirira kuti ndilibe, koma ndinkagula zakumwa ndi mabanzi, ndipo ndinkapita nthawi ya masana dzuwa litakula, anthu ataweruka kumadimba.

Munthu amene anasintha kafukufuku yense anali mkulu wina, msodzi, wazaka za m'ma 70. Tinamupeza pansi pa mtengo wa msawu akusoka ukonde. Ndinamufunsa funso langa loyamba, loti kodi chenjezo la Freddy analimva.

"Ndinamva Lachisanu pawailesi," anatero. "Koma mkamwini wanga wa ku Sandama anali ataimba kale."

Ndinafunsa kuti anaimba kuti chiyani.

"Anati Ruo wayamba kunyamula mitengo."

Kenaka anandiphunzitsa, osasiya kusoka. Anati madzi a Shire ndi madzi a Ruo si amodzi. Shire amakwera pang'onopang'ono, umazika kamtengo m'mphepete madzulo, m'mawa n'kuona pamene afika, ndipo amakupatsa masiku. Ruo amachokera kuphiri la Mulanje, ndi ofiira, ozizira, amabwera ndi zitsa ndi nthochi, ndipo amafika usiku umodzi. Akafika pa Chiromo amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo lonse. Zimenezi n'zimene ndinawerenga m'malipoti a akatswiri a zamadzi, iye anangozinena mwachidule kuposa iwo. "Ndiye wailesi yanu ija ikamati kubwera madzi, imanena ati? Simutchula mtsinje. Simutchula ola. Mumangoti anthu a m'malo otsika asamuke. Kuno malo okwera ndi ati?"

Ndinafunsa funso limene ndinabwerera: ngati ankadziwa zonsezi, bwanji sanasamuke? Anaika ukonde pansi. Anati akazi ake ndi zidzukulu anawatumiza kusukulu Loweruka. Iye anatsala chifukwa cha mbuzi zisanu ndi zinayi. Chaka chapitacho atamva chenjezo anachoka onse, madzi sanafike pakhomo, koma pobwera anapeza mbuzi zinayi palibe, akuba anabwera ndi bwato. Kumsasa salola mbuzi. "Inu aphunzitsi mumalandira pakutha pa mwezi. Ine malipiro anga ndi amene aja akudya apowo. Mungasiye malipiro anu pabwalo n'kupita kukagona kusukulu?" Madzi atafika anakweza mbuzi m'bwato maulendo awiri kupita pachulu, nakhala pamenepo masiku atatu. Zinapulumuka zisanu ndi imodzi.

Za kusamukira kumtunda anangoti nkhabe, ndiko kuti ayi m'Chisena. Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba ndi amene amasiya dothi lachonde ndi chinyezi, ndipo chimanga, nyemba ndi mbatata za m'dimba zimene amakolola mu Seputembala ndi zimene zimadyetsa banja, osati munda wa dzinja umene umapsa ndi dzuwa. Njala ikavuta m'dambo muli nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi, ndi nsomba. Kumtunda kuli miyala.

Amayi anauza mtsikana uja zina: kumsasa chimbudzi chimodzi anthu mazana, atsikana kugona m'kalasi lopanda chitseko, kolera imene inali itavuta kuyambira 2022. Mwa anthu onse amene ndinacheza nawo, amene sanamve chenjezo anali awiri okha. Ena onse analimva, analimvetsa, ndipo anaika pasikelo zinthu zimene ine pawailesi sindinkazidziwa n'komwe. Ndisanamizire kuti zonse zimene ndinamva zinali zoona. Ena ankakhulupirira kuti madziwo amachita kutsegulidwa dala ndi anthu ena ake kumtunda, ndipo zizindikiro zina zimene ankadalira, monga za nyerere, sizinawathandize pa Freddy, amene anaposa chilichonse chimene akuluakulu anaonapo. Pamenepo sayansi ili ndi mawu ake, ndipo ayenera kunenedwa mosapsatira. Koma munthu amakumvera ukayamba wayankha funso lake la mbuzi.

Ndikubwerera, foni imene ndinkajambulira inabedwa m'minibasi pakati pa Bangula ndi Ngabu. Mwamwayi zambiri ndinali nditazisamutsira mu laputopu, koma zokambirana zitatu za sabata yomaliza zinapita. Samutsani tsiku lomwelo, malo awiri, ngakhale mutatopa bwanji. Ndipo musanyozere ntchito yolemba zimene mwajambula. Ola limodzi la mawu linkatitengera tsiku lathunthu, kuchoka m'Chisena kupita m'Chichewa, kenaka m'Chingerezi. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya sabata ziwiri, inatenga miyezi itatu, ndikuphunzitsanso Fomu 4 masana.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Fizi ya chaka chachitatu, imene sinayenera kukhalapo n'komwe, inali ikundidikira mu Febuluwale. Mayi a kunyumba anandifunsa usiku wina, modekha, zimene zinandipweteka kuposa akanakalipa, kuti, "Bambo a Chisomo, mwanayu chaka chamawa akupita Fomu 1. Tilipira sukulu ya ndani?" Ndinalemba kalata yosiya sukulu, ndinangotsala kuitumiza. Ndinapita kwa atsibweni kukawauza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Zitatu zija zapita kale. Ukasiya, ndiye kuti zinadyedwa ndi ng'ona. Tenga yamphongo ija, koma khola lino usadzalionenso." Ya Chisomo tinalipira ndi thonje la mayi ake.

Chaka cha 2024 chinali cholemba basi, kudzuka 3 koloko m'mawa kukadali kozizirirako. Ndinapereka mu Okutobala, oyesa anabweza ndi zokonza, ndipo ndinakhoza. Kumwambo wolandira digiri sindinapite, ndalama ya basi panalibe. Satifiketi inabwera mu envelopu, ndipo ndinaipititsa ku National Council for Higher Education kuti aitsimikize, chinthu chimene olemba ntchito ambiri amafuna pa digiri yakunja.

Mwina mukufuna kudziwa ngati inandipindulira. Malipiro anga a uphunzitsi sanasinthe ngakhale tambala. Ntchito yolembedwa kuti wofotokoza sayansi simuiona kawirikawiri m'nyuzipepala za kuno. Zimene zilipo zimabisala m'maina ena, monga wolumikizitsa kafukufuku ndi anthu a m'midzi kapena wofalitsa mauthenga, m'mabungwe a zaumoyo, zaulimi ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kuchigwa kuno kafukufuku wa malungo ndi wambiri, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma amene anayambira katemera wa malungo mu 2019, choncho anthu odziwa kukhala pabwalo ndi mafumu amafunika. Ndapezako timaganyu titatu ta masabata ochepa, tokwana kubweza ngongole ya ku SACCO ndi kugula kamwana ka ng'ombe kamodzi. Ngati cholinga chanu ndi kungodziwa luso la wailesi kapena kulemba, yambani ndi maphunziro aafupi a pa intaneti a miyezi ingapo, muone ngati mukuikondadi ntchitoyi musanakhudze khola. Amene anandipatsa timaganyuto anayamba afunsa mapulogalamu amene ndinapanga, za digiri anafunsa pambuyo.

Pawailesi ndinasintha kachitidwe. Chenjezo likabwera timaliwerenga momwe lilili, kenaka timaimbira anthu a m'makomiti a zangozi a m'midzi ya kumtunda kwa mitsinje ya Ruo ndi Mwanza kuti anene pamene madzi afika pa chipilala choyezera, ndipo timatchula dzina la mtsinje, m'Chichewa ndi m'Chisena.

Mu Juni chaka chino ndinawolokanso kukawauza anthu aja zimene ndinapeza, monga ndinalonjezera papepala lija ankaopa kudinda. Mtsikana womasulira uja anawerenga masamba awiri m'Chisena pabwalo la nyakwawa. Mkulu wa ukonde anali pomwepo, nyumba anamanganso pamalo pomwe paja. Mtsikanayo atamaliza kuwerenga, mkuluyo anati takhuta, ndiko kuti zikomo m'Chisena, kenaka anandikodola.

"Za mbuzi zija munawauza akuluakuluwo?"

Ndinati ndinalemba, zili pa tsamba 74.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Tsamba 74 ili kuti, aphunzitsi? Mbuzi zikagona pamenepo?"

Komiti ya m'mudzimo inagwirizana tsiku lomwelo zomanga khola kuseri kwa sukulu imene amathawirako, ndi kusankha anyamata olondera mosinthana. Pamene ndikulemba pano mitengo anazika, waya sanapezeke, ndipo mvula yatsala miyezi iwiri.